Kukonza thiraki ya rimoti kuti izinyamula katundu wolemera

Thiraki ya rimoti imachoka ku fakitale itakonzedwa kuti izinyamula thupi lake lokha. Masipulingi, matayala, magiya ndi mota anaziyeza molingana ndi kulemera kwake, ndiye mukangoisenzetsa makilogalamu awiri kapena atatu, kumbuyo kumakhala pansi, matayala amaphwa, mota imayamba kununkha kupserera. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kugula mota yamphamvu. Kumeneko ndi kuyambira kumchira. Mota yamphamvu imangotumiza mphamvu zochuluka ku magiya ndi mashafuti amene atopa kale, ndipo chimene chikanatha pakapita mwezi chimathyoka tsiku lomwelo. Ntchito yeniyeni ndi kuyika katundu pamalo oyenera, kulimbitsa zomuchirikiza, ndi kuchepetsa liwiro kuti mphamvu imene mota ili nayo kale ikwanire.

Malangizo awa ndi a mathiraki amene ziwalo zake zimamasuka ndi kusinthika, makamaka a saizi ya 1/10 (ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa galimoto yeniyeni) monga Axial SCX10 ndi Traxxas TRX-4, komanso malole a 1/14 a Tamiya. Tidole tamagiya apulasitiki otsekeredwa m'kabokosi komatamata, tomwe zamagetsi zake zonse zili pa bolodi imodzi, sitingapite patali ndi njira izi, chifukwa mulibe choti musinthe.

Zida zofunika ndi sikelo yakukhitchini yowerenga magalamu, rula, zomasulira za hex za mamilimita 1.5, 2.0 ndi 2.5, sipanala ya mamilimita 7 ya manati a matayala, mabawuti a M3 ndi manati ake okhala ndi nayiloni mkati, guluu wabuluu wolimbitsira mabawuti, girisi, mafuta a silikoni a mashoko, ndi choyezera kutentha cholozera patali ngati mungachipeze.

Yambani ndi sikelo

Musanamasule bawuti ngakhale limodzi, yezani thirakiyo batire lili momwemo. Kenako yezani kutsogolo ndi kumbuyo payokhapayokha: matayala akutsogolo pa sikelo, akumbuyo pa thabwa kapena buku lofanana msinkhu ndi sikeloyo, kuti thiraki ikhale yosapendekeka. Mukatero itembenuzeni. Lembani manambala onse atatu. Yezaninso mtunda wochokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, ndi mpata wochokera pansi kufika ku chesisi.

Tsopano sankhani kulemera kumene mukufuna kuti inyamule. Poyambira pabwino ndi theka la kulemera kwa thirakiyo. Thiraki ya makilogalamu 3 ikhoza kuphunzitsidwa kunyamula kilogalamu imodzi ndi theka posintha zinthu zochepa chabe. Mukafuna kuti inyamule kulemera kofanana ndi kwake, pafupifupi chiwalo chilichonse chotchulidwa m'munsimu chiyenera kukhudzidwa. Kupitirira pamenepo, ngolo yokoka ndiyo nzeru.

Malo a katundu ndiwo amalamulira zonse

Tiyerekeze kuti thiraki yanu ikulemera makilogalamu 3, kutsogolo 1.7 ndipo kumbuyo 1.3, ndipo mtunda wa pakati pa maekiselo ndi masentimita 31, monga zimakhalira pa mathiraki ambiri a 1/10 okwera miyala. Mukufuna kunyamula makilogalamu 2. Mukayika pakati pa katunduyo pamwamba penipeni pa ekiselo yakumbuyo, kulemera konse kumapita kumbuyo: 3.3 kumbuyo, 1.7 kutsogolo. Mukamusunthira masentimita 5 kuseri kwa ekiseloyo, ekiselo imasanduka ngati pochirikiza mpiringidzo. Chulukitsani 2 ndi 5 ndi kugawa ndi 31, mupeza kuti magalamu pafupifupi 320 achoka kutsogolo, ndipo kumbuyo kwalandira makilogalamu 2.3 m'malo mwa 2. Matayala akutsogolo apepuka, thiraki ikukana kukhota, ndipo ikangoyamba chitunda imaimika mphuno m'mwamba ndi kugwa chagada. Koma mukamusunthira masentimita 6 kutsogolo kwa ekiselo yakumbuyo, magalamu pafupifupi 390 amapita ku matayala akutsogolo, ndipo kumbuyo kumatsala ndi 1.6 yokha yowonjezera. Katundu ndi yemweyo, koma thiraki ndi ina.

Choncho pakati pa katundu pakhale pakati pa maekiselo awiri, chakufupi ndi yakumbuyo, ndipo akhale pansi kwambiri momwe kungathekere. Sentimita iliyonse imene katundu wakwera m'mwamba imawonjezera mpata woti thiraki igubuduzike pokhota kapena poyenda chammbali pamalo otsetsereka. Ngati kumbuyo kukulemerabe mopitirira, sunthirani batire kutsogolo. Batire ndi chinthu cholemera chimene muli nacho kale, ndipo kulisuntha sikuwonjezera galamu ngakhale imodzi.

Kupanga chonyamulira

Chonyamulira chisakhale pa chigoba cha thiraki. Chigobacho ndi pulasitiki yopyapyala yokhala pa timizati tinayi ndi timapini, ndipo timizatito timathyoka kapena kuboola chigobacho. Katundu akhale pa chesisi.

Pa thiraki yokhala ndi zitsulo ziwiri zoyenda m'litali, dulani tizitsulo tiwiri ta aluminiyamu topindika ngati L, tokhuthala mamilimita 2, ndipo mutigoneke mopingasa pamwamba pa zitsulozo, kena kutsogolo kwa ekiselo yakumbuyo, kena kumbuyo kwake. Gwiritsani ntchito mabowo amene alipo kale. Mukakakamizika kuboola atsopano, booleni pakati pa khoma la chitsulocho ndi chobooletsa cha mamilimita 3.2, kutali ndi m'mphepete ndiponso kutali ndi mabowo ena, chifukwa mabowo oyandikana ndiwo amayambitsa mng'alu. Pamwamba pa tizitsuloto mangani chipapa cha aluminiyamu cha mamilimita 2 kapena pulayiwudi ya mamilimita 4 mpaka 6. Pulayiwudi ndi yosavuta kudula, koma ipakeni vanishi chifukwa ikanyowa imafufuma ndipo mabawuti amamasuka. Pansi pa mutu wa bawuti lililonse lolowa m'thabwa ikani washa yotambalala.

Musanalimbitse komaliza, kanikizani kumbuyo kwa thiraki mpaka mashoko atathera, kenako kwezani tayala limodzi lakumbuyo m'mwamba lina lili pansi, ngati momwe zimakhalira ikaponda mwala. Pakati pa tayala ndi chipapa patsale mpata wosachepera mamilimita 5. Tayala likamakhula chipapa limagwira mabuleki mosadziwika, ndipo mota imatentha inu mukufunafuna vuto kwina.

Ikani timakoma m'mbali ndi mabowo omangirira malamba. Katundu woyenda yekha ndi woopsa kuposa katundu wolemera. Kilogalamu imodzi ikaseserekera mbali imodzi pakati pa kona, thiraki yagwa.

Masipulingi ndi mashoko

Apa ndi pamene pamasokonekera anthu ambiri, chifukwa pa shoko pali zinthu zitatu zimene zimaoneka ngati zimagwira ntchito imodzi, pamene sichoncho. Sipulingi ndiyo imanyamula kulemera. Mphete yopotokola imene ili pamwamba pa sipulingi imangokweza kapena kutsitsa msinkhu wa thiraki. Mafuta amkati amalamulira liwiro limene shoko imalowera ndi kutulukira. Mukapotokola mphete mpaka kumapeto sipulingi yofewa sisanduka yolimba. Yangofinyidwa pasadakhale, ndipo ikakumana ndi bampu mawaya ake amagundana okhaokha shoko isanathe ulendo wake. Mafuta olimba nawonso sanyamula katundu: thiraki imakhalabe pansi, kungoti imatsika pang'onopang'ono.

Kuti mudziwe sipulingi yofunika, yezani imene muli nayo. Ichotseni, iimikeni pa sikelo, ikani rula pambali pake, ndipo ikanikizeni ndi kathabwa mpaka itafupika mamilimita 10. Werengani sikelo. Tinene kuti yawerenga magalamu 500. Yezaninso utali umene shoko imayenda kuchokera potambasuka kufika pothera, tinene mamilimita 30. Cholinga ndi choti thiraki itasenza katundu, itaima pamalo athyathyathya, shoko ikhale italowa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wake, ndiye kuti mamilimita 10. M'chitsanzo chathu kumbuyo kwawonjezeka makilogalamu 1.6, kutanthauza magalamu 800 pa sipulingi iliyonse. Sipulingi ya magalamu 500 pa mamilimita 10 idzalowa mamilimita ena 16 kuwonjezera pamene inali kale, ndipo ulendo wotsala udzakhala wochepa kwambiri. Mukufunika sipulingi yolimba kuwirikiza kawiri kapena kupitirirapo pang'ono. Pogula onetsetsani utali wake ndi kukula kwa bowo lake lamkati, kuti ikwane pa shoko yanu. Mitundu imene amapaka pa masipulingi imasiyana tanthauzo malinga ndi kampani, choncho dalirani nambala yolembedwa, kapena sikelo yanu.

Musanagule kanthu, yang'anani mabowo omangirira shoko. Shoko yopendekeka kwambiri imagwira mofewa, ndipo mukaiimika chilili sipulingi yomweyo imakhala ngati yalimba. Pa mathiraki amene tayala lililonse lili ndi mkono wakewake, kusunthira kumunsi kwa shoko ku bowo lakunja, kufupi ndi tayala, kumachitanso chimodzimodzi. Nthawi zina kusintha kumeneku kokha kumakwanira katundu wopepuka.

Sipulingi yolimba imafuna mafuta olimbirapo, apo ayi thiraki imanjanja ngati mpira. Ngati munali mafuta a 30wt, yesani 40wt kapena 50wt kumbuyo. Tsegulani shoko, khuthulani akale, kokerani ndodo yake pansi, thirani atsopano mpaka kutsala pang'ono kudzaza, ndipo yendetsani ndodoyo m'mwamba ndi pansi pang'onopang'ono osalola pisitoni kutuluka pamwamba pa mafuta. Mudzaona timathovu tikukwera. Iimikeni kwa mphindi 10 kuti tithe, onjezerani mafuta, tsekani. Mashoko awiri akumbuyo adzazidwe mofanana ndipo mphete zake zikhale pa utali wofanana. Yezani ndi rula, osati ndi maso. Ngati timphete ta labala totchinga mafuta tayamba kale kudontha, tisintheni tsopano, chifukwa katundu adzakulitsa kudonthako.

Dulaninso kachidutswa ka paipi yofewa ya silikoni, kotalika mamilimita 4 kapena 5, ndi kukaveka pa ndodo ya shoko kunja, pamwamba pa chogwirira sipulingi chakumunsi. Kameneka kamalandira nkhonya shoko ikafika pothera, m'malo moti ilandiridwe ndi chivindikiro cha pulasitiki chimene chimadziwika ndi kufwanthuka.

Malole a 1/14 ambiri amagwiritsa ntchito masipulingi amasamba. Pa amenewa onjezerani tsamba limodzi lalifupi pansi pa mulu, mbali zonse ziwiri, ndipo pakani girisi pang'ono pakati pa masambawo kuti aziseserekana. Onjezani limodzilimodzi, mukuyesa. Masamba akachuluka ekiselo imaleka kutsata nthaka, ndipo tayala limodzi limazungulira m'malere.

Matayala

M'matayala a thiraki ya rimoti mulibe mpweya wopopa; muli siponji. Siponji ya kufakitale, makamaka ya mathiraki okwera miyala, ndi yofewa dala kuti tayala lizikumbatira mwala. Pansi pa katundu tayala lotere limaphwa, khoma lake limapindika pokhota, ndipo mota imavutika ngati munthu wopalasa njinga yakuphwa. Senzetsani thiraki ndipo muiyang'ane chakumbuyo, maso ali pafupi ndi nthaka. Tayala liyenera kufutukuka pang'ono pansi pake, osati kugona mpaka limu itatsala pang'ono kukhudza pansi. Ikankhireni chammbali ndi dzanja: ngati limu ikusuntha kwambiri tayala litakakamira pansi, siponji yafewa.

Ikani siponji yolimba, kapena ya magawo awiri, yolimba mkati ndi yofewa kunja. Pa malimu omangitsa tayala ndi mphete ya mabawuti, kusintha ndi kosavuta: limbitsani mabawutiwo modumphadumpha, lina kuno lina tsidya, pang'onopang'ono, kuti mlomo wa tayala usatuluke. Pa matayala omata ndi guluu, kawirikawiri ndi bwino kugula ena kusiyana ndi kulimbana nawo. Musakopeke ndi matayala aakulu poganiza kuti ndi amphamvu. Tayala lalikulu lili ngati giya yapamwamba, limawonjezera ntchito ya mota ndi kukweza thiraki m'mwamba, zonse ziwiri zosemphana ndi cholinga chanu.

Kuseri kwa limu kuli kachitsulo ka makona 6, kawirikawiri ka mamilimita 12, kokhala pa kapini kopingasa. Ngati ndi kapulasitiki, kasintheni ndi ka aluminiyamu. Kapulasitiki kamatha makona, ekiselo imazungulira tayala lili phee. Manati a matayala akhale ndi nayiloni yosatha mkati, ndipo pamene pali timphete tapulasitiki kapena tamkuwa m'malo mwa mabeyaring'i, ikani mabeyaring'i enieni a saizi yomweyo, monga 5x11x4 kapena 10x15x4 malinga ndi thiraki yanu.

Magiya: gulitsani liwiro, mugule mphamvu

Pa shafuti ya mota pali kagiya kakang'ono kotchedwa pinion, ndipo kamazunguza giya yaikulu yotchedwa spur. Gawani mano a yaikulu ndi mano a kakang'ono. Spur ya mano 54 ndi pinion ya mano 15 zimapereka 3.6. Mukaika pinion ya mano 12, nambala imafika 4.5. Liwiro latsika ndi gawo limodzi mwa magawo 5, koma mphamvu yozunguzira matayala yakwera ndi gawo limodzi mwa magawo 4, ndipo mota ikugwira ntchito yomweyo ikukoka magetsi ochepa. Palibe kusintha kwina kulikonse pa thiraki kumene kumabweza zambiri chotere ndi kachitsulo kamodzi.

Pogula pinion onani zinthu ziwiri. Kukula kwa mano kufanane ndi kwa spur: 48P ndi mano ang'onoang'ono, 32P kapena Mod 0.8 ndi okulirapo ndipo amapirira katundu bwino, koma simungasakanize 48P ndi 32P. Bowo lake lifanane ndi shafuti ya mota: mamota a saizi ya 540 ndi 550 ali ndi shafuti ya mamilimita 3.175, pamene ena aakulu ali ndi ya mamilimita 5. Onaninso ngati mabowo otalika a pomangirira mota akulola kuti mota isendere mokwanira kufupi ndi spur. Ngati sakulola, kulitsani spur m'malo mochepetsa pinion.

Tsitsani mano awiri kapena atatu nthawi imodzi. Lowetsani pinion kuti mano ake ayang'anizane ndi m'lifupi monse mwa spur, ndipo kabawuti kake kakhale pa mbali yathyathyathya ya shafuti, katadonthezedwa guluu wabuluu. Masulani pang'ono mabawuti a mota, lowetsani kachidutswa ka pepala wamba pakati pa magiya awiriwo, kankhirani mota kuti mano alume pepalalo, limbitsani mabawuti, kenako zunguzani spur kuti pepala lituluke. Gwirani pinion ndi chala ndi kugwedeza spur: muzimva kaphokoso kochepa kwambiri ka mpata, ndipo muyese malo anayi mozungulira chifukwa spur yapulasitiki sikhala yozungulira ndendende. Magiya othinana amalira mokweza ndi kutenthetsa mota. Otayana amasenga nsonga za mano, ndipo tsiku lina mudzamva mota ikulira thiraki itaima.

Guluu wabuluu ndi wa chitsulo pa chitsulo basi. Pa pulasitiki amaifooketsa mpaka kung'aluka.

Ngati magiya atsika mpaka pothera koma mota ikutenthabe, apa ndiye pofikira kusintha mota, ndipo musinthire ku yodekha, osati yothamanga. Pa mamota a mabulashi nambala ya T ikakwera, liwiro limatsika ndipo magetsi okokedwa pa ntchito yomweyo amachepa: 35T, 45T kapena 55T ndi oyenera katundu kuposa 12T kapena 20T. Mota ya 550 ndi yotalikirapo kuposa ya 540 ndipo imapirira kutentha bwino, ngati malo alipo. Pa mamota opanda mabulashi sankhani ya KV (nambala yosonyeza liwiro la mota pa voti iliyonse) yotsika, makamaka yokhala ndi sensa, chifukwa yopanda sensa imachita chibwibwi ponyamuka ndi katundu.

Kuchokera ku spur kufika ku tayala

Mphamvu imene mwawonjezera iyenera kudutsa m'ziwalo zingapo isanafike pansi. Mathiraki ambiri ali ndi kilatchi yoseserekera pa spur, imene imatchinjiriza magiya ku nkhonya zadzidzidzi. Katundu akachuluka imayamba kusesereka nthawi zonse, timapepala take timapsa, ndipo thiraki imaoneka ngati yafooka. Limbitsani nati yake pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa magawo anayi a mzungulo nthawi iliyonse, mpaka thiraki yosenza katundu izinyamuka popanda kulira kwa kusesereka. Musailimbitse mpaka kufa, chifukwa nkhonya ija ikasowa pothawira imakathyola giya ya mu difu, kabokosi ka magiya ka pa ekiselo kogawira mphamvu ku matayala awiri.

Mashafuti apulasitiki amapotoka pa mfundo zake. Yang'anani ngati timakutu togwira mtanda tatambasuka kapena tayera, chizindikiro choti pulasitiki yatopa. Asintheni ndi achitsulo, kuyambira wakumbuyo. Tsegulani difu yakumbuyo, pukutani girisi wakale, yang'anani mano. Ngati kagiya kolowa kakugwedera mkati ndi kunja, ikani tiwasha topyapyala ta mamilimita 0.1 kuseri kwake, kamodzikamodzi, mpaka kugwederako kutatsala kochepa koma magiya akuzungulirabe mosavuta ndi zala. Kulira kwa khe-khe-khe ponyamuka kapena pogwira mabuleki kumachokera kawirikawiri pamenepa.

Mathiraki okwera miyala ambiri ali ndi madifu okhoma, matayala onse awiri a ekiselo amazungulira limodzi. Pa dothi palibe vuto chifukwa tayala lamkati limakwekwereza pokhota. Pa simenti kapena phula, katundu ali pamwamba, tayala silingakwekwereze ndipo kupotokola konse kumathera mu ekiselo. Khotani motambalala, ndipo ngati thiraki yanu ili ndi madifu otsegula ndi rimoti ngati TRX-4, atseguleni pamalo olimba.

Chiwongolero

Kulemera kumene mwatumiza kutsogolo kumagwera servo, kamota kokhotetsa matayala akutsogolo. Ikani ya magiya achitsulo ya mphamvu ya 20 mpaka 25 kg-cm pa thiraki ya 1/10, pamodzi ndi kamkono kachitsulo. Timano ta pamutu pa servo timakhala 23, 24 kapena 25 malinga ndi kampani, ndipo kamkono kosagwirizana kamaoneka ngati kalowa koma kamasengeka msanga. Pa rimoti chepetsani malire a kukhota mbali zonse ziwiri kuti servo iziima matayala asanagunde pothera; servo yong'ung'udza itakhota mpaka kumapeto ikudziwotcha.

Servo yamphamvu imakoka magetsi ambiri kuchokera ku kagawo kotchedwa BEC ka mu ESC, kabokosi kolamulira liwiro la mota. Kagawoka kakalephera, mudzaona thiraki ikudukiza kapena magetsi ake akuphethira nthawi iliyonse mukakhota itaima. Mankhwala ake ndi BEC yapadera yolumikiza ku batire, ya mavoti 6 ndi maampu 5 kapena kupitirira. Mukailumikiza ku risiva, kabokosi kolandira malamulo a rimoti, solotsani waya wofiira wapakati pa pulagi yochokera ku ESC ndi kuukulunga ndi tepi, kuti magwero awiri a magetsi asakumane.

Batire ndi ESC

Musakweze mavoti. Kuchoka pa batire la mtundu wa LiPo la 2S (maselo awiri) la mavoti 7.4 kupita pa la 3S (maselo atatu) la mavoti 11.1 kumawonjezera liwiro ndi kutentha, zimene mwakhala mukuzichepetsa. Chimene katundu amafuna ndi batire lokhalitsa ndi lotha kupereka magetsi ambiri osafooka, monga la 5000 mAh. Pulagi yakale yoyera ya Tamiya imatentha ndi kusungunuka magetsi akachuluka. Ikani XT60 kapena Deans, ndi mawaya a 14 AWG kapena okhuthala kuposa pamenepo.

Pa ESC sinthani zinthu zitatu. Yatsani chitetezo cha LiPo kuti izizimitsa selo iliyonse ikatsika kufika mavoti pafupifupi 3.2 mpaka 3.4, chifukwa pansi pa mavoti 3.0 batire limawonongeka. Tsitsani ukali wonyamukira kufika pa mlingo wotsikitsitsa. Kwezani buleki imene imagwira yokha mukasiya chowonjezera moto, kuti thiraki isathawe ndi katundu potsetsereka, koma pa thiraki yothamanga musaikweze kwambiri, kuopa kuti ikagwira mwadzidzidzi katundu angawulukire kutsogolo. ESC ikhale pomwe mphepo ikudutsa. Chipapa chikaiphimba, isunthireni pena kapena ikani kafani.

Batire likhale m'malo mwake lokha, lomangidwa ndi lamba, kutali ndi nsonga za mabawuti a chipapa. LiPo yobooka kapena yophwanyidwa imatha kuyaka moto. Ikafufuma, ilekeni kuigwiritsa ntchito.

Kuyesa

Konzani timatumba ta mchenga ta magalamu 500 kamodzi. Mchenga umakhala phee. Botolo la madzi losadzaza limakhavukira uku ndi uku, ndipo miyala imagubuduzika. Yambani ndi kathumba kamodzi, yendetsani kwa mphindi 5 pamalo ofanana ndi amene thiraki izigwirapo ntchito, imitsani, yezani kutentha kwa mota, ESC ndi batire. Mota isapitirire madigiri 70 a Celsius, batire la LiPo lisafike 60. Ngati mulibe choyezera, gwirani mota ndi chala mosamala: mukalephera kupirira masekondi atatu kapena anayi, yatentha mopitirira, tsitsani pinion ndi mano ena awiri. Zikakhala bwino, lolani zizizire, onjezani kathumba kena, bwerezani. Pa katundu aliyense yesani kunyamuka pachitunda, kuima potsetsereka, ndi kukhota mbali zonse, chifukwa zofooka zimaonekera pamenepa, osati pothamanga mowongoka. Mtunda woimira umatalika katundu akamachuluka, choncho yeserani kutali ndi anthu, ziweto ndi msewu.

Thiraki ikamapendekera mbali imodzi ponyamuka, kumeneko ndi kupotokola kwa shafuti pa ekiselo yamphumphu. Potokolani mphete kuti ifinye sipulingi pang'ono pa shoko yakumbuyo ya mbali imene ikutsika. Ikamalowa pansi kumbuyo ndi kugunda, sipulingi idakali yofewa. Ikamadumphadumpha ilibe katundu, ndi mtengo wa masipulingi olimba, ndipo sungani akale aja kuti muziwabwezera masiku osanyamula. Mukatha batire loyamba, zungulirani mabawuti onse ndi chomasulira, makamaka a chipapa, a mota, a mashafuti ndi manati a matayala.

Katundu akaposa thiraki

Kukoka ndi kopepuka kuposa kusenza, chifukwa kulemera kumakhala pa matayala a ngolo ndipo masipulingi a thiraki amalandira gawo lochepa. Mangani chokokera pa chesisi penipeni, chotsika, chofanana msinkhu ndi ekiselo yakumbuyo kapena pafupi napo. Chokokera chokwera chimanyamula matayala akutsogolo thiraki ikamakoka. Mfundo yake ikhale ya kampira kolola kugwedera mbali zonse, ngati timfundo ta ndodo za chiwongolero, kuti ngolo ikapendekeka isagwetse thiraki. Sanjani katundu kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa ngolo likhale pa chokokera: ikani mlomo wa ngolo pa sikelo pa msinkhu wokokera, ndipo ngolo ya makilogalamu 5 iwerenge magalamu pafupifupi 500. Akachepa pamenepo ngolo imapukusa mchira, akachuluka kumbuyo kwa thiraki kumakhala pansi. Matayala a ngolo akhale pa mabeyaring'i. Ngolo ilibe mabuleki, ndiye potsetsereka imakankha thiraki kuchokera kumbuyo ndipo ikhoza kuipinda chammbali. Tsikani molunjika, pang'onopang'ono, ndipo kathumba kamodzi ka mchenga kakhale pa chipapa cha thiraki kuti matayala akumbuyo agwire nthaka.